Woyera wa ku Roma ndi Mlandu wa pa Phalula

Ndinanyamuka ku Chikweo Loweruka m'mamawa, amayi akubwerera kumjigo ndi ndowa zoyamba. Mawa lake, Lamulungu, ku Roma ankalengeza kuti Papa uja anabwera kuno ku Malawi ife tidakali ndi mano onse m'kamwa waikidwa m'gulu la oyera. Tinamva kuti parishi ina ya ku Balaka ikaika kanema wamkulu muholo kuti akhristu aonere mwambowo. Kwathu kanema alipo mmodzi, wa jenereta, pa golosale ya pamsika, koma ntchito yake ndi mpira basi. Mwini wake ndi Msilamu waulemu kwambiri, komabe kumupempha kuti azimitse mpira n'kuika Misa ya maola atatu kukanakhala kuyesa ubwenzi mopyola muyeso.

Mkazi wanga Rozina anandikulungira chinangwa chophika ndi mtedza wokazinga m'kansalu. Iye sakanatha kuyenda, mawondo anamuvuta kalekale. Atandifunsa komwe ndikagone, ndinamuuza kuti pa Phalula, kwa a Lusiyano. Anandikumbutsa kuti munthu wochokera kwathu amayamba wafika ku Balaka asanafike pa Phalula, ngati kuti ine, mphunzitsi wopuma, mapu ndinaiwala.

"Mukakafika, musakayambe ndi za Papa," anatero, akundipatsa kaphukusiko.

A Lusiyano anali mnzanga wa pamtima. Ndinaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zinayi pa sukulu ina pafupi ndi Phalula, ndipo nthawi yonseyo iwo anali mlimi wa thonje komanso mkulu wa kwaya pa tchalitchi chathu chaching'ono. Papa atabwera, tinakwera lole imodzi kupita ku Blantyre, tikuimba njira yonse mpaka mawu kusasa. Koma pa tsiku ndinkanyamukali, panali patadutsa zaka khumi ndi ziwiri tisanalankhulane, kuyambira pa maliro a mwana wawo Agnesi. Ndinamva kuti tchalitchi anasiya. Ndiye ndinadzinamiza kuti ulendo wangawu ndi wa mbusa wokafuna nkhosa yotayika, kuti ndikawatenge tikaonere limodzi Papa wathu uja akukwezedwa, mwina mtima wawo ungafewe.

Kabaza wondifikitsa ku msewu wa tala anatchula K700. Ulendo wa njinga kwathu ndi wolipira kuti theka la njira uyende wapansi, chifukwa pofika pamchenga nonse mumatsika, mwini njinga akukankha, iwe ukutsatira m'mbuyo ngati ukuperekeza mlendo. Mvula inali itangotha kumene. Chimanga chinali chitauma m'minda, ena atayamba kale kuika mikukwe, ndipo thonje linali litayamba kuphulika, mbuu mbali zonse za njira. Ine ndinali nditavala malaya anga akale osokedwa ndi nsalu imene tinagula chaka chobwera Papacho. Nkhope yake pa nsaluyo inali itafwifwa, ndipo batani la pamimba linali litakana kutseka.

Itangokwana naini koloko ndinapeza minibasi ya ku Liwonde. Kondakitala anayamba ndi K1,500, tinagwirizana K1,200. Anandikhazika pafupi ndi bambo wina wa ndevu zoyera ndi kachipewa ka Chisilamu, amene anali ndi dengu la milamba yowamba ya ku Chiuta pakati pa miyendo. Tinapatsana moni wa Chiyao, iye nati dzina lake ndi Che Amidu, akupita kukagulitsa nsombazo pa Nsanama. Tisanafike n'komwe pa Ntaja, fungo la milamba linali litalowa m'malaya a aliyense, ndipo mtsikana wina kutsogolo anatulutsa mphuno pawindo mpaka fumbi linamubweza.

Che Amidu anayang'anitsitsa pachifuwa panga n'kufunsa ngati ameneyo ndi mzungu uja anapsompsona dothi atatsika ndege. Nditavomera ndi kumufotokozera za ulendo wanga, anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenaka anafunsa, osati mwachipongwe, kuti anthu a ku Roma amadziwa bwanji amene wafika kumwamba, popeza wopita kumeneko satumiza kalata. Ndinamufotokozera monga ndinkaphunzitsira ana a katekisimu: kuti amafufuza moyo wonse wa munthuyo, amamva mboni, ndipo amadikira chozizwitsa, wodwala achire atapempha kudzera mwa iye, madokotala n'kulephera kufotokoza. Iye anati kwa iwo zimenezo n'zovuta. Ngakhale shehe wamkulu akamwalira amamupempherera ndithu, chifukwa buku la munthu amaliwerenga ndi Mnungu yekha.

"Koma munthu wanuyo ndimamupatsa ulemu," anatero. "Ndinamva kuti wina anamuwombera ndi mfuti, iye atachira anapita kundende kukakhala naye pansi. Ine mlamu wanga anangondidulira ukonde, ndipo chaka chino n'chachisanu sindinamupatse moni."

Anaseka, anthu ena anasekanso. Ine ndinaseka mochedwa. Iye ankawerenga zisanu, ine zanga zinali khumi ndi ziwiri.

Pa Nsanama tinafika cha m'ma hafu pasiti teni. Che Amidu anatsika ndi dengu lake, anandifunira ulendo wabwino, nati ndikamupempherere kwa woyera wangayo kuti milamba ithe dzuwa lisanapendeke. Tinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu kudikira okwera. Dalaivala ankaliza injini n'kusuntha pang'ono ngati akunyamuka, kenaka n'kubwereranso pomwepo. Amayi ogulitsa nthochi, mandasi ndi nzimbe anazungulira mawindo onse. Ndinagula nthochi za K100 kuti zitsitse chinangwa cha Rozina.

Pamalo a Che Amidu panakhala mayi wa zaka ngati makumi atatu, wovala yunifolomu yoyera ya unamwino pansi pa juzi. Nayenso anaona malaya anga. Anandiuza kuti ndi Mkatolika, amaimba kwaya, ndipo mayi ake anali ndi nsalu ngati yomweyo. Ndinasangalala, ndikuganiza kuti ndapeza mnzanga. Koma nditamufunsa ngati nayenso akaonere mwambowo, anati ali pa ntchito, ndipo ngakhale akanakhala pa tchuthi sakudziwa ngati akanapita.

Anayankhula motsitsa mawu, osakwiya. Anati zomuika Papayo m'gulu la oyera zafulumira. Munthu wangomwalira dzulodzulo, anthu amene anavulala ndi zina za nthawi yake adakali moyo, ndiye changu n'chachiyani? Anatchula za ana amene anachitidwa zoipa ndi ansembe ena kumaiko akunja, akuluakulu a mpingo n'kukhala chete, nkhani imene tonse tinaimva pa wailesi. Koma chimene chinkamupweteka kwenikweni chinali cha kuno. Anati zaka zimene edzi inkasesa midzi yathu, anthu akuika maliro atatu tsiku limodzi, mpingo unaumirira kuti kondomu ndi yoletsedwa ngakhale m'banja limene mmodzi ali ndi kachirombo. Mawu amodzi okha ochokera kwa munthu womveredwa ngati ameneyo, anatero, akanasiya amayi ambiri ali moyo.

Ndinamuyankha ndi mfundo zimene ndinali nditazikonza kale m'mutu, zokonzera a Lusiyano. Ndinati zipatala za mpingo ndi masisitere ndiwo ankasamala odwala nthawi imene achibale enieni ankawathawa. Ndinati Papa ankaphunzitsa kukhulupirika m'banja, ndipo anthu akanamvera, matendawo sakanafala. Ndinamukumbutsanso kuti iye ndi wamng'ono, sanaone masiku amene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, pamene ngakhale mkazi wako unkamunong'oneza. Papa anabwera masiku amenewo, ndipo sipanapite zaka zambiri maepiskopi athu analemba kalata ija inatsegula pakamwa pa Amalawi. Popanda iye, ndinatero, mwina kuvota tikanangokumva kwa anzathu.

"N'zoona, bambo," anayankha. "Mayi anga anavota nawo, anavina tsiku limenelo. Kungoti anavota kamodzi kokha. Chisankho chachiwiri chinapeza tawaika kale."

Anatsegula foni yake, ine ndinayang'ana kuwindo, kumene mapiri anali akusendera kumbuyo pamene msewu unkatsetserekera ku chigwa cha Shire. Mfundo zanga zinali zidakalipo zina ziwiri, koma ndinazisiya, chifukwa nkhani ya mayi ake inali nkhani ya Agnesi.

Ndiyenera kuifotokoza bwinobwino. Agnesi anali mwana woyamba wa a Lusiyano, ndipo Rozina ndiye anali mayi wake wa ubatizo. Anakwatiwa ndi mnyamata wochita malonda a kumalire ku Mwanza. Ine nthawi imeneyo ndinali mkulu wa tchalitchi komanso mlangizi wa mabanja. Tsiku lina madzulo Agnesi anabwera kunyumba kwanga, anagwada pakhomo, nandiuza kuti mwamuna wake wapezeka ndi kachirombo, koma iye magazi ake akadali bwino. A kuchipatala anawalangiza kuti azigwiritsa ntchito kondomu. Mwamunayo anakana, akuti ukwati wawo ndi wa mu tchalitchi ndipo mpingo sulola. Chimene Agnesi ankapempha chinali chaching'ono: kuti ine, monga mkulu wa mpingo, ndikalankhule ndi mwamunayo. Ine ndinamuuza kuti sindingaphunzitse chimene Papa waletsa. Ndinamuuza kuti apemphere, apirire, Mulungu sataya ake. Ndinamupatsa kolona. Patatha zaka zitatu tinamuika m'manda, mankhwala otalikitsa moyo atatsala pang'ono kufika m'zipatala zathu. Pa malirowo a Lusiyano sanalandire dzanja langa. Chaka chotsatira ndinapuma ntchito n'kubwerera kwathu ku Chikweo.

Pa Liwonde tinafika dzuwa lili paliwombo. Namwino uja potsika ananditsanzika mwaulemu, nati ndimukhululukire ngati wandilankhula mopyola msinkhu wake. Ndinati iyayi, walankhula bwino. Ndinadya tchipisi cha K300 pa chiwaya, ndili chiimire, wokazingayo akuthamangitsa ntchentche ndi kabokosi. Kenaka ndinakwera galimoto yaing'ono ya ku Balaka, K500, anthu anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, ndi wina amene anagawana mpando ndi dalaivala. Pa mlatho wa Shire madzi anali odzaza, namasupuni ataunjikana m'mbali, ndipo patali pang'ono mvuu ziwiri zinali zitatulutsa makutu okha. Titawoloka, dziko linasintha, kukhala la milambe ndi kutentha kouma kumene ndinakuzolowera zaka za uphunzitsi wanga.

Ku Balaka ndinafika cha m'ma thuu koloko. Njinga za kabaza kumeneko n'zochuluka ngati nyerere pa fupa, ndipo aliyense amakuitana kuti bwana. Ndinayenda wapansi mpaka ku parishi kuti ndikaone malo. Amayi anali akukolopa muholo, ena akundanda mabenchi. Padenga panali abambo awiri akutembenuza mbale ya kanema, wachitatu ali pansi akukuwa kuti yabwera, yapita, yabweranso. Pachipata mayi wina ankagulitsa nsalu zatsopano za Papa yemweyo, nkhope yowala, mutu utazunguliridwa ndi kuwala kwachikasu. Ataona malaya anga anandiuza kuti Papa wanga watopa, ndigule watsopano.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mkesha kwa nthawi yaitali. Ndinakumbukira kuti kalata ya maepiskopi ija inasindikizidwa m'tauni yomweyi. Ndinakumbukira Lamulungu limene inawerengedwa pa tchalitchi chathu. Wowerenga atamaliza, munali zii, anthu akuopa ngakhale kutsokomola, aliyense akuganiza kuti apolisi ali panja. Anali a Lusiyano amene anaimirira n'kuyambitsa nyimbo, mpaka tchalitchi chonse chinalandira. Munthu wolimba mtima chotero ndiye ndinkapita kukamuphunzitsa za Papa. Tsidya la msewu kunali nyumba yogona alendo yotsika mtengo. Ndinayamba kudziuza kuti ndatopa, kuti munthu sufika pakhomo pa eni osadziwitsa, kuti pa Phalula ndidzapita ulendo wina.

Foni inalira. Anali Rozina, akufunsa ngati ndafika. Ndinamuuza kuti ndili ku Balaka ndipo ndikuganiza zogona konkuno. Iye anati Agnesi anamunyamula ndi manja ake pa ubatizo, ndipo akanakhala ndi mawondo akanapita yekha kalekale. Anadula foni asanamve yankho langa.

Minibasi ya ku Blantyre inandilipiritsa K600 kukatsika pa Phalula. Tinakhotera pa Chingeni n'kulowa msewu waukulu, umene uja tinadutsa pa lole tikuimba. M'mbali mwake munali matumba a makala ataimikidwa ngati anthu odikira basi, milu ya maungu ndi mavwende, ndi nyama ya mbuzi itapachikidwa pa timitengo. Pa Phalula panali pataonjezereka mashopu ambiri moti ndinasokonezeka, mpaka ndinazindikira mlambe umene pamayambira kanjira ka kwa a Lusiyano. Ndinayenda mphindi ngati makumi awiri.

Ndinawapeza pakhonde akusankha thonje, akuchotsa zinyalala n'kuponya loyera pa mkeka. Anali ataonda, tsitsi lonse mbuu, diso limodzi litachita ng'ala. Nditaodira anakweza mutu, anandiyang'ana nkhope, kenaka malaya. Sanaimirire. Anangokankha kampando ndi phazi. Akazi awo, amene tonse tinkawatchula kuti amake Agnesi, anatuluka m'nyumba, anagwira pakamwa, kenaka anagwada n'kundipatsa moni wa masiku onse, ngati tinasiyana dzulo. Anafunsa za Rozina ndi ana, anandibweretsera madzi, n'kukhala pansi chapatali.

Malangizo a mkazi wanga ndinawakumbukira, koma mantha anandiyendetsa njira yomwe anandiletsayo. Ndinayamba ndi za Papa. Ndinanena za mwambo wa mawa, za kanema wa ku Balaka, za lole ija, za mmene tinagonera m'kalasi pa sukulu ina ku Blantyre. Ndinalankhula nthawi yaitali, ngati ndili kutsogolo kwa ana. A Lusiyano ankangosankha thonje lawo.

Nditatopa, anandifunsa ngati ine Papayo ndinamuona nkhope tsiku lija. Ndinavomera kuti iyayi, ndinangoona kadontho koyera patali ndi nkhongo ya bambo wina wamtali amene anaima patsogolo panga. Anati nawonso sanamuone. Pa gulu lonse la pa Phalula amene anamuona anali Agnesi yekha, chifukwa iwo anamunyamula paphewa, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndi iye ankatiuza kuti tsopano wakweza dzanja, tsopano akuseka. Khosi linawapweteka sabata yathunthu.

"Ine ndi Papa tilibe mlandu waukulu, aphunzitsi," anatero. "Iye anali ku Roma. Dzina la mwana wanga sankalidziwa. Amene Agnesi anamugwadira pakhomo ndi inu."

Ndinali nditayembekezera mawu amenewa zaka zonsezi. Ndinayamba kunena kuti lamulo silinali langa, koma ndinaimira pakati. Ndinawauza zoona zake, zimene ngakhale Rozina ndinali ndisanamuuze bwinobwino. Ndinati tsiku lija sindinaganize za lamulo kwenikweni, ndinaganiza za ine mwini. Chisankho cha akuluakulu a parishi chinali pafupi, dzina langa linali kutchulidwa, ndipo ndinaopa kuti zikamveka kuti mlangizi wa mabanja akuuza anthu za makondomu. Sindinapite n'komwe kukafunsa bambo mfumu. Patapita nthawi ndinamva kuti wansembe wina wokalamba, mabanja otere akamufikira, ankawauza mwakachetechete kuti kuteteza moyo wa mnzako si tchimo. Ngakhale zimenezo zikanandivuta, ndikanatha kungomuuza Agnesi kuti abwerere kwa makolo ake, zimene mpingo sunaletsepo. Ndinali ndi njira zambiri. Ndinasankha kubisala kumbuyo kwa munthu wa mkanjo woyera amene anali kutali.

"Ndinalakwa, achimwene," ndinatero. "Ndabwera mochedwa, koma ndinalakwa."

A Lusiyano anasiya thonje lija. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika moti ndinachita kusendeza kampando. Anati pali chimene ine sindinkachidziwa. Atachoka kwa ine, patangopita sabata, Agnesi anabwera pakhomo pomwepo ndi chikwama chake ndi ndowa ya ziwiya pamutu, kuti wabwerera. Anagona masiku awiri. Tsiku lachitatu iwo anamuuza kuti banja ndi kupirira, kuti anthu adzati chiyani akamva kuti mwana wa mkulu wa kwaya wathawa ukwati wodalitsidwa. Anamunyamulira okha chikwamacho pa njinga mpaka pa siteji.

Anati anthu amaganiza kuti anasiya tchalitchi pokwiyira ine kapena pokwiyira Roma, ndipo iwo anawalola kuganiza choncho chifukwa kunali kopepuka. Koma zoona zake n'zakuti akaimirira kutsogolo kwa kwaya, maso awo ankapita pa mzere wachiwiri, kumanzere, pamene Agnesi ankaima, ndipo dzanja linkakana kukwera.

Amake Agnesi anali chikhalire pomwe paja, miyendo atatambasula, akuyang'ana zikhatho zawo. Sanalire. Anati tsiku lomuperekezalo iwo anakana, anagwira chikwama, koma anauzidwa kuti nkhani za ukwati ndi za amuna ndi ankhoswe.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikudikira kuti mmodzi mwa inu anene zimenezi ndi pakamwa pake," anatero. "Lero mwanena nonse awiri. Ndikapale moto."

Tinadya kusanade kwenikweni, ndiwo zake nkhwani wotendera. Sitinakambenso za Agnesi kapena za Papa. Tinakamba za mtengo wa thonje, za anzathu a pa lole ija, amene atatsala ndi amene anapita, ndipo opita anachuluka. Anandiyalira mkeka m'chipinda chosungira thonje, ndipo ndinagona tulo tolemera ngati munthu wochokera kolima.

M'mawa ndinadzuka ndikuganiza kuti ndibwerera ndekha ku Balaka. Sindinawapemphenso. Koma nditatuluka ndinapeza amake Agnesi atamanga kale duku, ndipo a Lusiyano atavala jekete lakuda, akupukuta nsapato ndi kansanza. Anati asandinamize, sakupita kukapemphera, akungofuna akaone nkhope imene anailipirira khosi osaiona.

Tinafika ku Balaka holo itadzaza kale, anthu ena atakhala m'mawindo. Amake Agnesi analowa, amayi anzawo anawapanikizira malo. A Lusiyano anakana kulowa. Anaima panja pa windo lakumapeto, pamene kanemayo ankaoneka chammbali, ndipo ine ndinaima nawo. Tinaona khamu la anthu losaoneka malire, mbendera za maiko osiyanasiyana, ndi chithunzi chachikulu cha Papa wathu uja chitapachikidwa pakhoma la tchalitchi, pambali pa cha Papa wina wakale amene ankakwezedwa naye limodzi. Mawu anali a Chilatini, wansembe wina wachinyamata akumasulira pa chimkuzamawu mochedwerapo. Kawiri konse chithunzi chinathawa, anthu n'kudandaula, abambo a padenga aja n'kukweranso. Dzina litatchulidwa, muholo munaphulika nthungululu, ng'oma zinalira, amayi ena akugwetsa misozi. Ine ndinachita chizindikiro cha mtanda. A Lusiyano anangotsinzina diso lodwalalo, akuyang'anitsitsa ndi linalo.

Mwambo utatha tinakhala pa benchi kudikira amake Agnesi. Ndinawafunsa, osati mowayesa, kuti tsopano akuti bwanji, munthuyo ndi woyera kapena ayi. Anati nkhope yake ndi ya munthu wabwino, ndipo munthu wabwino amathanso kulakwitsa chinthu chachikulu, zimenezo anaziphunzira pakhomo pawo pomwe, sanachite kuwerenga.

"Ngati alidi kumwamba monga akunenera, ndiye kuti akumana ndi Agnesi," anatero. "Akambirane okha kumeneko. Ife zathu takamba."

Tinasiyana pa depoti, iwo akukwera ya ku Phalula, ine ya ku Liwonde. Ulendo uno dzanja langa analilandira, analigwira nthawi yaitali, nati ndikapereke moni kwa Rozina. Ndinagona kwa mphwanga pa Ntaja, ndipo ku Chikweo ndinafika Lolemba masana, fumbi lili m'makutu.

Anthu a ku tchalitchi kwathu akandifunsa za ulendowu amafuna kumva za kanema ndi khamu la ku Roma, ndipo ndimawauza. Ine ndimakhulupirirabe kuti Papa uja ndi woyera, ndipo dzina lake ndimalitchula m'mapemphero. Namwino wa pa Nsanama ndimamuganiziranso, ndipo sindinapeze yankho lomukwanira. A Lusiyano mpaka lero sanabwerere ku tchalitchi, ndipo ndinasiya kuganiza kuti imeneyo ndi ntchito yanga. Chimene ndinabwera nacho n'chakuti kukangana za munthu wamkulu amene anamwalira kutali n'kosavuta, mungathe kutero kuchokera pa Ntaja mpaka pa Liwonde osatopa. Koma mawu a akuluakulu safika okha m'midzi mwathu muno. Amadzera pakamwa pa anthu ngati ine, pakhomo, madzulo, mwana wa mnzako atagwada akudikira yankho, ndipo pamenepo woyankha umakhala wekha.